Kulera loya wochokera m'chigwa cha Shire: ntchito ya mlangizi

Mwana wa ku Makhanga, ku Ngabu kapena ku Marka akapeza malo ophunzira zamalamulo, akwawo amasangalala, amamuperekeza pa siteji, minibasi n'kukwera naye zitunda za ku Thabwa. Akafika m'kalasi amapeza anzake omwe amalume awo ndi maloya ku Blantyre, ena amayi awo amagwira ntchito kukhothi. Anzakewo amadziwa kale nthawi yolembera kalata yopempha malo ophunzirirapo ntchito, mayitanidwe a jaji, ngakhale nsapato zoyenera kulowa nazo m'bwalo la milandu. Zoterezi sizilembedwa pa bolodi ndipo sizibwera pa mayeso, koma ndi zomwe zimachititsa kuti wina ayambe ntchito atangolandira digiri pomwe mnzake, wokhoza chimodzimodzi, akuyendabe ndi envelopu ya kaki ofesi ndi ofesi.

Malangizo awa ndi a inu amene mungamuuze mwanayo zinthu zimenezi: maloya, amajisitireti, akalaliki a kukhothi, ma paralegal ndi aphunzitsi. Simukuyenera kuchita kukhala wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, ngakhale kukhala wa komweko kumathandiza. Chofunika ndi nthawi yoikika komanso mtima wosatopa ndi kuwerenga zolemba za munthu wina.

Muyambe asanalowe

Ambiri amatayika njira asanayiyambe. Mwana wa Fomu 3 amene akuti akufuna uloya mumufunse za Chingerezi chake, ndipo muone nokha nkhani imodzi yomwe walemba. Milandu ya ku High Court ndi ku Supreme Court of Appeal imalembedwa m'Chingerezi, malamulo athu nawonso. Amene amavutika kulemba ndime yomveka adzavutika zaka zonse za maphunziro ake.

Mumufotokozerenso kuti ku University of Malawi ku Zomba, komwe kale kunkatchedwa Chancellor College, njira yodziwika yakhala yoti munthu ayambe wakhoza bwino chaka choyamba m'maphunziro ena, kenako n'kupikisana kuti alowe ku law. Mwana amene sakudziwa izi amasewera chaka choyambacho poganiza kuti wafika kale, n'kudzazindikira chitseko chitatsekeka. Ndipo popeza boma linathetsa quota mu 2020, palibe malo amene akudikira munthu chifukwa cha dera lochokera.

Ngati banja likuganiza zomulipirira ku yunivesite yomwe si ya boma, asatulutse ndalama asanafunse ku Malawi Council of Legal Education ngati digiri ya kumeneko ndi yovomerezeka polowa uloya. Banja likhoza kugulitsa ng'ombe zinayi, mwana n'kumaliza, pepala lake osamulowetsa m'khothi. Safunsa anadya phula.

Pangano la tsiku loyamba

Ophunzira awiri ndi okwanira. Atatu ndi malire enieni kwa munthu amene ali ndi mafayilo ake. Amene amatenga khumi amathera pa kutumiza mawu olimbikitsa pa gulu la WhatsApp, ndipo wophunzira satolapo kanthu.

Pokumana koyamba, khalani pansi ola lathunthu ndipo mugwirizane zinthu zinayi, zilembedwe papepala limodzi aliyense akhale ndi lake: mudzikumana kangati, kudzera njira iti, mudzigwira ntchito yanji, ndipo mudzaunikanso liti ngati zikuyenda. Kawiri pa mwezi, mphindi 45, n'kokwanira. Ngati ali ku Zomba inu muli ku Blantyre kapena ku Nchalo, foni imakwana, koma pa temu iliyonse muonane maso ndi maso kamodzi. Woimba foni mukhale inu. Wophunzira wa kumudzi sadzakuuzani kuti alibe mayunitsi, adzangokhala chete, inu n'kuyesa kuti alibe chidwi.

Pali china chomwe alangizi ambiri sachiona. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno satsutsa wamkulu, samuyang'ana m'maso, amati "inde bwana" ngakhale sanamve. Ulemu umenewu ndi wabwino pa bwalo la mfumu, koma loya amadya ndi kutsutsa mwaulemu. Mumuuze poyera kuti pa nthawi yanu yokumana ali ndi chilolezo chokana mfundo yanu, ndipo nthawi zina muzinena dala mfundo yopotoka kuti muone ngati aigwira. Akaigwira muyamikireni. Akapanda kuigwira muonetseni pomwe inali.

Zochita mukakumana

Kukumana kopanda ntchito m'manja kumasanduka macheza, ndipo macheza amafa pakatha miyezi itatu. Nthawi iliyonse pakhale cholembedwa chomwe wakutumizirani masiku awiri musanakumane.

Chiyambi chabwino ndi kufupikitsa chigamulo cha khothi pa tsamba limodzi. Zigamulo ndi malamulo a dziko lino zimapezeka kwaulere pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII, ndipo foni wamba imatsegula. Tsambalo likhale ndi zigawo zinayi: zomwe zinachitika, funso lomwe khothi linkayenera kuyankha, yankho lake, ndi chifukwa chake. Musamuyambitse ndi chigamulo cha mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha pa 3 February 2020, n'chachitali kwambiri kwa woyamba kumene. Mupatseni cha Kafantayeni cha mu 2007, chomwe chinathetsa lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, kapena cha Gwanda cha mu 2017, chomwe chinagwetsa gawo la Penal Code lomwe apolisi ankagwirira anthu pa mlandu wa vakabu. Ndi nkhani zomwe angazione m'maganizo mwake, chifukwa amadziwa anthu omwe anagonapo m'chitolokosi atagwidwa akuyenda usiku.

Pokonza, gwiritsani cholembera ndipo musamulembere chiganizo chatsopano. Dulani mzere pansi pa pomwe palakwika, mufunseni kuti amafuna kunena chiyani, ayankhe pakamwa, kenako akalembenso yekha. Zolakwa zomwe mudzazipeza kawirikawiri ndi zitatu. Woyamba kumene amakopera ndime za jaji m'malo monena m'mawu ake, chifukwa amaopa kuti Chingerezi chake n'chochepa. Amasokoneza zomwe loya wa mbali imodzi ananena ndi zomwe khothi linagamula. Ndipo amadzaza mawu a Chilatini pomwe mfundo yamuthawa. Chachitatuchi muchiletse msanga, chimakula ndi munthu.

Mphindi khumi zomaliza zikhale za pakamwa. Aimirire, ngakhale muli pa foni, n'kukupemphani belo ngati kuti ndinu majisitireti. Mupatseni nkhani yapafupi: mnyamata wa kabaza wa ku Bangula wagwidwa pomuganizira kuti waba mbuzi, wakhala m'manja mwa apolisi masiku anayi. Ayenera kukumbukira yekha kuti gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati womangidwa apititsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndipo adziwe kuti pali Bail (Guidelines) Act. Apa ndi pomwe mumamuphunzitsa kuti majisitireti amatchedwa Your Worship, jaji wa ku High Court My Lord kapena My Lady, kuti woweruza akayamba kuyankhula iye akhale chete, ndiponso kuti loya mnzake akaimirira kutsutsa iye akhale pansi.

M'chaka chachitatu ndi chachinayi onjezani zolemba za mu ofesi: kalata yokumbutsa ngongole, chikalata cholumbira, wilo yosavuta, pangano la lendi. Mutsegulireni Courts (High Court) (Civil Procedure) Rules a mu 2017 ndi Criminal Procedure and Evidence Code, aziwerenga gawo lenilenilo osati manotsi a mnzake. Mukafuna kumuonetsa fayilo yeniyeni, fufutani mayina ndi chilichonse chozindikiritsa kasitomala, ndipo mumuuze chifukwa chake. Chinsinsi cha kasitomala chimaphunziridwa poona mmene wamkulu akuchisungira.

Chisena ndi Chimang'anja asazisiye pa Thabwa

Wophunzira wolankhula Chisena akafika kumtunda amasekedwa katchulidwe, ndipo ena amafika pobisa kwawo. Mlangizi amene amamuthandiza kubisako akumulanda chida chomwe anzake ambiri alibe.

Gawo 42 lomwe lija limapatsa wozengedwa mlandu ufulu woweruzidwa m'chiyankhulo chomwe akumva, kapena kumasuliridwa pa ndalama za boma. Gawo 20 limaletsa tsankho potengera chiyankhulo kapena mtundu, ndipo gawo 26 limateteza ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo ndi chikhalidwe chomwe munthu wasankha. Papepala zili bwino. M'khothi, mboni ya ku Nsanje imayankhula Chisena chosakaniza ndi Chichewa, womasulira n'kutembenuzira m'Chingerezi, woweruza n'kulemba. Mawu ena amamveka ngati Chichewa koma tanthauzo lake ndi lina. Msena akati ali ndi nseru akunena mlandu, Mchewa amamva za kufuna kusanza. Akati waona nyatwa akunena mavuto, pomwe mnyamata wa m'tauni akati zanyatwa akutama chinthu chabwino. Kulonga kwa Msena ndi kuyankhula, kwa Mchewa ndi kuika katundu m'thumba. Ngakhale takhuta, yemwe ndi zikomo, Mchewa amamva za m'mimba. Liwu limodzi lotere likalowa molakwika mu rekodi ya khothi, limapita nalo mpaka ku apilo, komwe majaji amawerenga zolembedwa zokha osaiona mboniyo.

Choncho mupatseni ntchito iyi: akhale ndi kope lolembamo mawu a zamalamulo m'zilankhulo zitatu, Chingerezi, Chichewa ndi chiyankhulo cha kwawo. Mwezi uliwonse afotokoze lamulo limodzi m'mphindi zitatu ngati akuuza agogo ake. Amene angathe kufotokozera agogo a ku Tengani tanthauzo la belo, kuti si kugula mlandu ndipo si kumasulidwa kotheratu, ndiye kuti walimvetsa lamulolo. Mumuphunzitsenso kakonzedwe ka womasulira m'khothi: aimirire, apemphe chilolezo kwa woweruza, anene liwu lomwe mboni yatchula, apemphe kuti funso libwerezedwe. Asamuchititse manyazi womasulirayo, adzagwira naye ntchito mawa.

Kudziwa chigwa nakonso ndi chuma. Milandu ya kuno imazungulira malo a makolo ndi madimba a m'mbali mwa Shire omwe malire ake amasuntha madzi akaphwa, ntchito za m'minda ya nzimbe ku Nchalo, kuba ng'ombe, chuma cha masiye, maukwati a ana, ndi nkhani za m'malire ndi Mozambique. Asena amatsata kuchimuna ndipo amalowola, pomwe mwambo wa Amang'anja unachokera kuchikazi, ndiye funso loti mwana kapena munda ndi wa mbali iti limayankhidwa mosiyana midzi yoyandikana. Wophunzira amene anakulira m'zimenezi mumulozere ku Customary Land Act ya mu 2016 yomwe inasinthidwa mu 2022, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya mu 2011, Marriage, Divorce and Family Relations Act ya mu 2015, ndi Employment Act. Kafukufuku wake wa chaka chomaliza akhoza kuchokera pomwepa, ndipo adzakhala ndi zonena zomwe sizili m'buku lililonse la m'laibulale.

Tchuthi

Kalata zopempha malo ophunzirirapo ntchito zituluke miyezi itatu tchuthi chisanayambe. Muziwerenge musanazilole kupita: tsamba limodzi, dzina la ofesi lolembedwa molondola, masiku enieni omwe adzapezeke. CV isapitirire masamba awiri, ndipo imelo yake ikhale ya dzina lake lenileni. Kenako inuyo imbani foni. Kalata ya mwana wosadziwika imagona mu thireyi, koma ikatsatiridwa ndi mawu a loya mnzawo imawerengedwa. Apa ndi pomwe mlangizi amasiyana ndi wongofunira zabwino.

Asangoyang'ana maofesi a maloya a ku Blantyre okha. Legal Aid Bureau, Malawi Human Rights Commission, ofesi ya Ombudsman, Law Commission, ndi mabungwe monga PASI ndi CHREAA omwe amagwira ntchito m'ndende ndi m'mapolisi, onsewa amaphunzitsa zambiri. Ndipo ngati ndalama yokhalira m'tauni palibe, tchuthi chisapite pachabe. Makhothi a majisitireti pa boma la Chikwawa ndi la Nsanje ndi otsegukira aliyense, kupatula milandu ina monga ya ana. Akadzidziwitse kwa kalaliki, akhale kumbuyo masabata awiri ndi kope, tsiku lililonse alembe mlandu umodzi: unali wa chiyani, mboni zinafunsidwa motani, unaimitsidwa chifukwa chiyani. Adzaona zomwe mabuku sanena, kuti ambiri mwa ozengedwa milandu kumeneko amadziyankhira okha popanda loya.

Pomwepo mumuchenjeze mwamphamvu. Anthu akamuona ndi kope adzayamba kumutchula loya, ena adzabwera ndi kangachepe kuti awalembere zikalata kapena akawayankhulire. Kugwira ntchito ya uloya usanavomerezedwe ndi mlandu, ndipo mbiri yotere ikhoza kudzamutsekera chitseko tsiku lopempha kulowa.

Ndalama ndi madzi

Nkhani ya ndalama muikambe tsiku loyamba lomwe, isanabwere yokha. Ngati simungathe kuthandiza, nenani, n'kumuthandiza kulemba bwino fomu ya ngongole ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nthawi yake isanadutse. Ngati mungathe, thandizani pa chinthu chodziwika ndipo chikhale ndi malire: thiransipoti ya ku intavyu, bandulo ya mwezi, suti imodzi yakuda ndi malaya oyera awiri, zomwe pa kaunjika zimapezeka. Ndalama yongopereka nthawi iliyonse akadandaula imawononga ubale. Iye amayamba kuopa kukuuzani kuti walephera mayeso, inu mumayamba kuona ngati muli naye ngongole ya ulemu.

Madzi ndi nkhani ya chaka ndi chaka. Mu January 2015, mu March 2019, mu January 2022 ndi namondwe Ana, mu March 2023 ndi Freddy, mabanja a m'chigwa anataya nyumba ndi mapepala omwe. Dzinja lisanafike, setifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi zotsatira za mayeso a ku yunivesite azijambule bwino n'kuzitumiza ku imelo yake, zenizenizo zisungidwe kumtunda. Kwawo kukasefukira pakati pa temu, mumuimbire tsiku lomwelo, ndipo ngati sangathe kulemba mayeso mumuthandize kulembera akuluakulu a sukulu mayesowo asanachitike. Kalata yobwera zotsatira zitatuluka imamveka ngati chowiringula ngakhale ili yoona.

Mtsikana, wolumala, wachialubino

Bambo amene akulangiza mtsikana azikumana naye mu ofesi, nthawi ya ntchito, chitseko chili chotsegula. Osati ku malo omwera, osati usiku, osati pa galimoto yoima. Mumupezerenso mlangizi wachiwiri wamkazi, ndipo Women Lawyers Association ndi poyambira pabwino. Mumuuze asanapite ku ofesi iliyonse kuti Gender Equality Act ya mu 2013 imaletsa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito, ndi kuti wina akayamba kumutumizira mauthenga osayenera asafufute, asunge, akuuzeni. Akakuuzani, mukhulupirireni ndipo muchitepo kanthu, ngakhale wochitayo ndi mnzanu wa kalasi imodzi. Kunyumba adzamufunsa za banja chaka chilichonse. Mumukumbutse kuti Vera Chirwa anali mayi woyamba kukhala loya m'dziko muno, ndipo Anastasia Msosa anafika pa udindo wa Chief Justice mu 2013.

Kwa wosaona, mutumizireni zolemba zomwe kompyuta ingathe kumuwerengera, osati chithunzi cha tsamba. Wachialubino kawirikawiri amavutika kuona zilembo zazing'ono, ndiye sindikizani zikuluzikulu, ndipo musamuike pa ulendo wa dzuwa la masana la ku Ngabu kapena kumuchedwetsa mpaka mdima. Kwa woyenda pa njinga ya olumala, kaoneni nokha masitepe a ofesi musanamutumizeko. Funsani mwini wakeyo chomwe akufuna, amadziwa kuposa inu.

Pakhomo la uloya

Digiri si chilolezo. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la mu 2018 ndi lomwe linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education, sukulu yophunzitsa ntchito ya uloya kwa omwe ali kale ndi digiri, komanso limafotokoza zoyenera kukwaniritsa munthu asanavomerezedwe. Khalani naye pansi m'chaka chomaliza, muwerenge limodzi magawo okhudza kuvomerezedwa, mulembe mndandanda wa mapepala ndi ndalama zofunika, ndi tsiku lomwe chilichonse chikhale chitakonzeka. Pempho limapita kwa Chief Justice. Muliwerenge liwu ndi liwu, makamaka mayina: ana ambiri a kumudzi ali ndi dzina lolembedwa mosiyana pa setifiketi ya MSCE, pa digiri ndi pa chiphaso, ndipo kukonza zimenezi kumatenga nthawi. Mwinjiro ngati alibe, mubwerekeni wanu.

Akavomerezedwa amayamba ndi ma condition, kutanthauza kuti amagwira ntchito pansi pa loya wamkulu kufikira atapempha kuti ma condition amenewo achotsedwe. Muthandizeni kusankha pomwe adzaphunzire, osati pongolipira bwino. Afunse mafunso awa pa intavyu: ndidzayamba liti kuima ndekha m'khothi, ndani adzawerenga zolemba zanga, chiphaso cha chaka ndi chaka alipira ndani. Chiphasocho chimatha chaka chilichonse, ndipo pochikonzanso Malawi Law Society imayang'ana zinthu monga maphunziro owonjezera ndi ntchito yothandiza anthu mwaulere. Maola aulerewo akhoza kuwagwirira kwawo, pa milandu ya amayi olandidwa minda kapena akaidi okhalitsa pa rimandi.

Musamusiye chaka choyamba cha ntchito, ndi chomwe chili ndi misampha yambiri. Achibale adzayamba kufika, wina ndi mlandu wa malire, wina mwana wake ali m'chitolokosi ku Nchalo, wina akufuna fizi, onse akudziwa kuti loya ndi wolemera. Mumuphunzitse kuyankha mosanyoza: amvetsere, afotokoze kuti sangatenge mlandu popanda chilolezo cha abwana ake, alembe papepala komwe munthuyo angapite, monga ku Legal Aid Bureau, ndi mapepala oti anyamule. Mlandu womwe mbali zonse ndi abale ake asaukhudze n'komwe.

Msampha waukulu ndi ndalama za makasitomala. Chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ngozi chikafika, chimalowa mu akaunti ya makasitomala yomwe ndi yosiyana ndi ya ofesi, ndipo si ya loya ngakhale kwa tsiku limodzi. Maloya amene amaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo pa nkhaniyi ambiri sayamba ndi mtima wakuba. Kumudzi kwagwa maliro, pakufunika bokosi ndi galimoto yonyamula thupi kuchoka ku chipatala cha Queens kupita ku Nsanje, iye n'kunena kuti abwereka pang'ono adzabweza kumapeto kwa mwezi. Mumuuze zimenezi asanagwire fayilo yake yoyamba ya chipukuta misozi, ndipo mugwirizane kuti tsiku lomwe maliro otere adzagwe, foni yoyamba aimbire inu asanayandikire ku banki.